Bandulo yatha koma komandi sindikuidziwa, ndifunse ndani?

Mchemwali wina wa ku Lizulu wandilembera imelo. Alongo ake anamusiyira laputopu yakale momwe muli Ubuntu, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, ndipo wayamba kuphunzira terminal, kaja kakuda kolembamo makomandi, poti akufuna adzalowe ntchito yopanga mapulogalamu. Dandaulo lake ndi ili: "Komandi iliyonse ndimachita kukaifufuza pa Google kapena kuonera vidiyo pa YouTube. Bandulo ya sabata sikuchedwa kutha. Kodi amene amadziwa zimenezi analoweza zonse pamtima? Mutu wangawu sungathe."

Achemwali, palibe amene analoweza. Anyamata amene mumawaona akugogoda kiyibodi mwachangu aja amadziwa makomandi ochepa amene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, enawo amachita kuwerenga pompo. Ndipo kumene amawerengako si pa intaneti ayi. Malangizo ambiri ali kale m'laputopu yanuyo, analowa limodzi ndi Ubuntu, safuna netiweki ngakhale pang'ono. Kwa ife a kuno ku Dedza, kumene netiweki imathawa ukangokhotera kuseri kwa phiri, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Yambani ndi chapafupi. Makomandi ambiri ukawalemba n'kuonjezera --help kumapeto kwake amadzifotokoza okha. Tengani ls, komandi yoonetsa mafayilo a m'foda: lembani ls --help mudzaona. Adzatuluka mawu ambirimbiri mpaka oyambirira kuthawira kumwamba, ndiye apa anthu ambiri amagwa mphwayi. Musawerenge zonsezo. Tiyerekeze kuti disiki yadzadza ndipo mukufuna kudziwa fayilo imene yakula kwambiri m'foda imene mulimo. Lembani ls --help | grep size. Kamzere koima kaja kamatenga zotuluka mu komandi yoyamba n'kuzipereka kwa yachiwiri, ndipo grep imasefa n'kusiya mizere yokhayo imene muli mawu akuti size. Pa mizere yochepa yotsalayo mudzaona kuti -S wamkulu amasanja mafayilo kuyambira lalikulu, ndipo -h amalemba kukula kwake mwa ma K, M ndi G kuti munthu amve. Mukalemba ls -lhS ndiye kuti funso lanu mwadziyankha nokha, bandulo osaikhudza.

Pamene --help yaperewera pali man. Lembani man ls kapena man cp (cp ndi komandi yokopera mafayilo), lidzatseguka tsamba lathunthu la komandi imeneyo. Ndiyambe ndakuuzani potulukira, chifukwa ambiri amakodwa pomwepa mpaka kutseka terminal yonse: dinani q. Batani lalitali la space limakutsitsani tsamba limodzi, b amakubwezani m'mbuyo. Koma batani lofunika kuposa onse ndi /. Mukalidina n'kulemba mawu amene mukufuna, tinene recursive, n'kudina Enter, limakuponyani pamene pali mawuwo, ndipo n amakupititsani pena pamene akupezekanso. Pa msika wa Lizulu simuima pa benchi iliyonse kufunsa mtengo wa tomato, kabichi ndi kachewere pamene mwabwerera anyezi. Tsamba la man n'chimodzimodzi, pitani pa chimene mwabwerera.

Masamba amenewa ndi ouma, zimenezo sindikubisirani, ndipo kusawamva poyamba sikutanthauza kuti mutu wanu ndi wolimba. Anayamba mu 1971, pamene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie analemba buku loyamba la malangizo a Unix, pulogalamu yakale yoyendetsa makompyuta, ku Bell Labs, ku America. Ankalembera akatswiri anzawo, anthu oti akungofuna kukumbutsidwa, osati wophunzira. Linux, imene ili maziko a Ubuntu, itabwera mu 1991 inatengera kalembedwe komweko. Ubwino wake ndi woti masamba onse amayalidwa mofanana, ndiye ukazolowera limodzi wazolowera onse.

Pamwamba pamakhala NAME, mzere umodzi wonena ntchito ya komandiyo. Kenako SYNOPSIS, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike, chifukwa ndi pamene pali kalembedwe kake. Tsegulani man cp. Pa umodzi mwa mizere ya SYNOPSIS mudzaona cp, kenako OPTION (tizilembo monga -S ndi -h tija) atatsekeredwa m'mabulaketi a makona, kenako SOURCE ndi madontho atatu, pomaliza DIRECTORY. Chilichonse chimene chili m'mabulaketi a makona mutha kuchisiya, komandi igwirabe. Madontho atatu akutanthauza kuti mutha kuika zingapo. Chimene chilibe mabulaketi n'chokakamiza. Ndiye mzerewo ukunena kuti lembani cp, mafayilo amene mukukopera kaya ndi limodzi kaya ndi khumi, ndipo foda yopitako ikhale kumapeto. Mabulaketi ndi madonthowo musawalembe mu terminal, ndi zizindikiro chabe. Mukamaliza apo dinani G wamkulu kuti mufike kumunsi kwa tsamba. Masamba ena, monga la find, ali ndi gawo la EXAMPLES chakumapeto, ndipo ine ndimayambira kumeneko ndisanaone china chilichonse.

Mwina mukuti, zonsezi n'zabwino ngati dzina la komandi ukulidziwa, nanga ngati sukulidziwa? Ilipo apropos. Mukufuna kupanikiza fayilo kuti lichepe musanalitumize? Lembani apropos compress, idzakutulutsirani mayina monga gzip ndi xz, lililonse ndi mzere wofotokoza. Ndi chimodzimodzi kulemba man -k compress. Vuto lake n'loti muyenera kulingalira mawu a Chingerezi amene olembawo anagwiritsa ntchito, ndiye mawu oyamba akakanika yesani ena. Ikamangoyankha kuti nothing appropriate pa chilichonse, lembani sudo mandb kamodzi kuti ikonze mndandanda wake (sudo imayendetsa komandi ndi mphamvu za woyang'anira kompyuta).

Pali misampha iwiri. Mukalemba man cd pa Ubuntu idzakuuzani kuti palibe tsamba lotero. Laputopu siinawonongeke. cd si pulogalamu yoima payokha, ili m'kati mwa bash, pulogalamu imene imalandira zimene mukulembazo. Mukalemba type cd idzakuuzani zimenezo, ndipo malangizo ake mumawapeza ndi help cd. Msampha wina ndi manambala. Masamba a man anagawidwa m'zigawo: 1 ndi makomandi wamba, 5 ndi kalembedwe ka mafayilo, 8 ndi makomandi a woyang'anira kompyuta. Choncho man passwd imakupatsani komandi yosinthira pasiwedi, pamene man 5 passwd imafotokoza fayilo ya /etc/passwd. Dzina limodzi, nkhani ziwiri.

Tsopano tsiku limene muli ndi bandulo, kapena mwafika pa boma pamene netiweki yakhazikika, igwiritseni ntchito pa chinthu chokhalitsa. Ikani kapulogalamu kotchedwa tldr. Anthu ongodzipereka analemba zitsanzo zochepa pa komandi iliyonse, zija zimene munthu amazifunadi. Mukatsitsa masamba ake kamodzi amakhala m'laputopu, ndipo tldr tar imakuonetsani momwe mungamasulire fayilo ya tar popanda kusambira m'tsamba lalitali la man. Ine ndimaona kuti kwa woyamba kumene tldr imaposa vidiyo, chifukwa vidiyo imakudyerani bandulo kuti muone munthu akupereka moni ndi kupempha kuti mumutsatire, komandi yeniyeniyo n'kubwera kumapeto. Mukadzagwira kompyuta ya Windows nzeru yake ndi yomweyi: dir /? mu cmd, kapena Get-Help mu PowerShell, omwe ndi ma terminal a Windows.

Chinanso chimene ophunzira amachilumpha ndi uthenga umene terminal imalemba zinthu zikakanika. Munthu akangoona mzere wa Chingerezi mtima uli phaa, wathamangira kale ku gulu la WhatsApp. Werengani kaye. Ikati command not found, mwina mwaphonya chilembo kapena pulogalamuyo simunaiike. Ikati No such file or directory, yang'anani zilembo zazikulu ndi zazing'ono, poti kwa Linux foda ya Zithunzi ndi ya zithunzi ndi ziwiri zosiyana. Dzina likakhala ndi mpata pakati, litsekereni m'makoteshoni, apo ayi lembani zilembo zoyamba n'kudina Tab kuti imalizitse yokha. Ikati Permission denied, imani muganize musanaike sudo kutsogolo. Nthawi zambiri ndiye kuti mukugwira fayilo imene si yanu.

Apa ndilankhule mwamphamvu pang'ono. M'magulu a WhatsApp ndi Facebook muli anthu amene amaponya komandi n'kunena kuti ingokoperani, zitheka. Ena amafuna kuthandizadi, ena ndi nthabwala zoipa. Komandi imene simukuimvetsa musaidinire Enter, makamaka ikakhala ndi sudo, rm (yofufutira mafayilo) kapena dd (imene imatha kulemba pamwamba pa disiki yonse). Chimene rm yafufuta sichipita ku Trash, chapita basi, ndipo rm -rf imasesa foda yonse ndi zam'kati mwake osakufunsani. Wina akakupatsani komandi, tsegulani man yake, fufuzani kachilembo kalikonse ndi / uja, muone chimene kakuchita. Pangani foda yoyeserera ndi mkdir zoyeserera, ikanimo mafayilo opanda ntchito, muziphunzirira mmenemo. Masiku oyambawa muzilemba rm -i, imayamba yafunsa isanafufute.

Za kuloweza zija, bash imasunga zimene mwalemba. history imakuonetsani mndandanda wake, ndipo Ctrl ndi r zimafufuza komandi imene munalemba dzana mukangokumbukira kachidutswa kake. Kakope ka pepala nakonso n'kabwino, kamagwira ntchito ngakhale magetsi atazima batire n'kutha.

Zikakanika zonsezi, funsani anthu, kaya pa webusayiti ya Ask Ubuntu kaya kwa ine. Koma musalembe kuti "sizikutheka" basi. Koperani komandi yeniyeniyo monga munailembera, koperani uthenga wonse umene watuluka, nenani chimene mumafuna kuchita ndi zimene mwayesa kale. Muonjezere zotuluka mukalemba lsb_release -a, kuti woyankhayo adziwe Ubuntu amene alongo anu anakuikirani.