Kodi AI ingandiyatsire ma VM ine ndili ku Lundazi?

Funso: Pa shopu yanga ku Kapata, mu Chipata, pali seva ya Proxmox (pulogalamu yoyendetsa makompyuta angapo mkati mwa kompyuta imodzi) yokhala ndi ma VM atatu, omwe ndi makompyuta amkatiwo. Ndimapita ku Lundazi kawirikawiri. Ndamva kuti AI imatha kuyatsa ndi kuzimitsa ma VM ukangoilembera uthenga. Ndiyambire pati?

Yankho: Zimatheka ndithu, akulu. Pakati pa AI ndi Proxmox pamafunika kapulogalamu kotchedwa seva ya MCP. MCP ndi njira yolumikizira AI ndi mapulogalamu ena imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024. Inu mumalemba kuti "yatsa VM 101", 101 kukhala nambala ya VM, ndipo kapulogalamuko kamafikitsa lamulolo ku API ya Proxmox (njira imene Proxmox imalandirira malamulo kuchokera ku mapulogalamu ena) pa port 8006, khomo lake la pa netiweki.

Port imeneyi musaitsegulire intaneti yonse. Ikani VPN (njira yotetezeka yolowera mu netiweki ya pa shopu muli kutali) ngati WireGuard kapena Tailscale. Ngati shopu imalumikizidwa ndi rauta ya SIM khadi, Tailscale ndiye yosavuta, chifukwa netiweki za mafoni nthawi zambiri sizilola munthu kulowa kuchokera kunja.

Nkhani yaikulu ili pa kiyi. Pasiwedi ya root (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa seva) musaipereke kwa AI, ngakhale tsiku limodzi. Pangani akaunti yapadera mu Proxmox, kenako pitani pa Datacenter, Permissions, API Tokens, mupange token, kiyi imene AI idzaloweramo nayo. Manambala ake achinsinsi amaoneka kamodzi kokha, ndiye akopereni pompo. Akauntiyo ndi token yomwe muzipatse udindo wa PVEVMUser: umalola kuona, kuyatsa, kuzimitsa ndi kupanga bakapu, koma kufufuta VM ayi. Malire amenewa ndi ofunika chifukwa AI nayo imatha kusokoneza 101 ndi 110. Ambiri amapunthwa apa: Privilege Separation (bokosi limene mumaona popanga token) ikakhala yochongedwa koma token isanapatsidwe chilolezo chakechake, AI imayankha kuti palibe VM ngakhale imodzi, pomwe onse atatu akugwira ntchito.

Dziwaninso kuti shutdown ndi stop n'zosiyana. Shutdown imapempha VM kuti itseke mafayilo ake bwinobwino. Stop n'chimodzimodzi kuzula pulagi pakhoma, ndipo database ya malonda ikhoza kuonongeka. Ikani qemu-guest-agent, pulogalamu yothandiza Proxmox kulankhula ndi VM, mu VM iliyonse. Mukangochonga bokosi lake mu Proxmox osaika pulogalamuyo, shutdown imadikira mpaka kulephera. AI ikakuuzani kuti iyese stop, musavomere msanga.

Magetsi akathima, seva yozima siimva lamulo la munthu aliyense. Mu BIOS (menyu ya makonzedwe imene mumalowamo kompyuta ikangoyaka) sankhani kuti kompyuta iziyaka yokha magetsi akabwera, muchonge Start at boot pa VM iliyonse, ndipo rauta ikhale pa UPS (batire yothandiza magetsi akathima) imodzi ndi seva.