Funsani Anti: Tasamuka koma mtima sukukhazikika

Anti ndithandizeni chonde. Tinasamuka mwezi wathawu, nyumba yake ndi yabwino ndithu yaikulu kuposa yomwe timakhala kale koma ine mtima sukukhazikika olo pang'ono. Tulo sindikupeza, chitseko chikangoti kwee basi ndadzuka. Mwana wanga wa zaka 4 wayambiranso kukodza pogona pomwe anasiya kalekale, ndiye kukamada amalira kuti amama tiyeni tizipita kwathu. Makatoni ena sindinamasule mpaka lero angoti mbwee pabalaza. Bambo akunyumba akuti ndikukokomeza. Vuto ndi nyumbayi kapena ndi ineyo?

Mayi wa ana awiri

Pepani mayi, simukukokomeza ayi, ndipo bambowo muwawerengere yankho ili. Munthu akagona pamalo achilendo ubongo sugona wonse, mbali ina imakhala tcheru kumvetsera kaphokoso kalikonse komwe sinakazolowere, makamaka masiku oyambirira. Kunyumba yakale phokoso linaliponso, mwina mpopi wodontha kapena galu wa aneba, koma khutu linali litazolowera ndiye simumazimva nkomwe. Kunonso zizolowereka. Koma mukaona kuti tulo tikusowa masiku 3 kapena kuposa pa sabata mpaka miyezi 3 yakwana, pamenepo musangopirira, kaonaneni ndi adokotala.

Makatoni a pabalaza asiyeni kaye, sakuthawa. Yambani ndi kuchipinda, mangani makatani, bedi muliike malo ake enieni osati ongoyembekezera, zofunda zikhale zomwezija mumafunda kale. Kenako katoni imodzi pa tsiku yakwana.

Amene akundimvetsa chisoni kwambiri ndi mwanayo. Inu mukudziwa chifukwa chomwe munasamukira, mwina lendi mwina ntchito, koma iye anangoona anthu akukweza bedi lake pa lole, anzake osewera nawo kulibe, chimbudzi chili mbali ina yomwe usiku sakuyidziwa komanso kuli mdima. Kukodza pogona mwana yemwe anasiya zimachitika kawirikawiri moyo wake ukasintha chonchi, sakuchitira dala ndipo chonde musamumenye kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa m'bale wakeyo chifukwa mantha amangoonjezera vutolo. Mpezereni bulangete lake lakale lija ndi kachidole kake ngakhale katatha ntchito, nthawi yosamba ndi yogona ikhale yomweyo tsiku ndi tsiku, babu la panjira yopita kuchimbudzi lizikhala loyaka. Mfunseni kuti nsapato zako tiziika pati, asankhe yekha. Akamati tiyeni kwathu musamunamize kuti tipita mawa, ana amasunga mawu, muuzeni kuti nanenso ndimakusowa kuja koma pano ndi pathu tsopano. Pokhapo ngati akumva kuwawa pokodza, thupi likutentha, kapena akumwa madzi kwambiri nkumaonda, thamangani naye kuchipatala chifukwa izo si za kusamuka.

Aneba musadikire kuti akuyambeni okha, nawonso akukuyang'anirani patali. Moni basi, ndi kafunso ngati zinyalala amataya kuti kuno, macheza amayambira pomwepo. Mukapeza amene ali ndi mwana wa msinkhu wa wanuyo ndiye kulira kwa madzulo kuja kuchepa msanga.

Anti, ndangolowa nyumba ya lendi sabata ino koma ndapeza galasi la windo ndi losweka, sinki ikudontha. Ndikuopa kuti podzatuluka alandilodi adzati ndine ndaononga nkundidyera dipoziti yanga. Nditani?

Mnyamata wokhala yekha

Achimwene, tengani foni lero lomwe mujambule chilichonse, windo, sinki, ming'alu ya pakhoma, siling'i ngati ili ndi zizindikiro zodontha, kenako muwatumizire alandilodi pa WhatsApp ndi mawu aulemu kuti bwana izi ndazipeza chonchi. Za pakamwa zimaiwalika, uthenga umasunga deti. Mujambulenso manambala a pa mita ya madzi ndi ya magetsi kuti musadzalipire ngongole ya amene anatuluka. Loko wa chitseko chakunja pemphani kuti asinthidwe, simukudziwa kuti makiyi ake ali ndi anthu angati. Funsaninso pomwe pali switchi yaikulu ya magetsi ndi potsekera madzi a nyumba yonse, musadzazifunefune paipi itaphulika kale pakati pa usiku.

China chomwe simunafunse, nsikidzi. Zimatha kukhala miyezi osayamwa magazi zitabisala m'ming'alu, ndiye nyumba kukhala yopanda munthu sikuti zinafa. Unikani ndi tochi m'makona ndi m'mphepete mwa matiresi, mukaona timadontho takuda uzani alandilodi apopere mankhwala, ndipo adzabwereze pakatha masabata 2 chifukwa mazira ake amakhala ataswa.