Pointer kapena index pa Arduino Uno, chimathamanga ndi chiti?

Achimwene, mwafunsa ngati kulemba *p++ m'malo mwa buf[i] kungafulumizitse code yanu pa Uno. Pa loop wamba yongoyenda mu array kuyambira koyamba mpaka kumapeto, nthawi zambiri simupindula kanthu. Arduino IDE imayendetsa compiler ya avr-gcc ndi -Os (kuchepetsa kukula kwa code), ndipo compiler imasintha yokha buf[i] kukhala pointer. ATmega328P, chip ya pa Uno, ili ndi ma register atatu osungira adiresi, X, Y ndi Z. Lamulo la LD r24, Z+ limawerenga byte ndi kusuntha adiresi pa ma cycle 2 okha, kapena kuti 125 ns pa 16 MHz.

Kusiyana kumaoneka pa array ya ma struct. Struct ikakhala ya ma byte 7 ndipo mwalemba tbl[i].x, chip iyenera kuchulukitsa i ndi 7 kenako n'kuonjezera adiresi yoyambira. ATmega328P ili ndi MUL, lamulo lochulukitsa, koma chip ya ATtiny85 ilibe, ndiye kuchulukitsako kumachitika ndi malamulo angapo kapena kudzera mu function. Apa tengani pointer kamodzi, struct rec *r = &tbl[i]; kenako muzilemba r->x ndi r->y. Y ndi Z zimafika malo okwana ma byte 63 kutsogolo popanda kuwerengetsa china chilichonse. X sichita zimenezo.

Onaninso index yanuyo. Pa AVR, banja la ma chip ngati ATmega328P, int ndi ma bit 16, choncho uint8_t, ya ma bit 8, ndi yopepukirapo. Koma chenjerani, i < 256 pa uint8_t ndi loop yosatha, chifukwa ikafika 255 imabwerera pa 0.

Pa ring buffer (buffer yobwerera koyamba ikafika kumapeto) ya UART, kapena kuti serial, yodzazidwa ndi interrupt, index ndiyo yabwino, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Pointer ndi ma byte awiri, chip imaiwerenga kawiri. Interrupt ikalowa pakati, mumatenga byte imodzi yakale ina yatsopano, ndipo adiresi imaloza kuthengo. Zimachitika mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake kuzipeza kumavuta kwambiri. Index ya volatile uint8_t imawerengedwa kamodzi basi. Buffer ikhale ya 64, muzibwerera ndi & 63. Musaike 50 ndi % 50, AVR ilibe lamulo logawa.

Ngati tebulo lanu lili mu PROGMEM (memory ya flash yosungira pulogalamu), onse awiri *p ndi tbl[i] adzawerenga SRAM (memory ya ma variable) n'kukupatsani zinyalala. Pamafunika pgm_read_byte.

Kuti muone zenizeni, pezani fayilo ya .elf imene compiler imatulutsa muiyendetse ndi avr-objdump -d, mufanizire njira ziwirizo. Kapena ikani Timer1 pa prescaler 1, tsekani ma interrupt ndi cli, werengani TCNT1 (register yowerengera ya Timer1) loop isanayambe ndi itatha. Loop isapitirire 4 ms, apo ayi timer idzazungulira musanamalize kuyeza.