Pedulo yofewa mutapopa mabuleki a ABS: musayende nayo kaye

Achimwene, Vitz imeneyo isachoke pakhomo mpaka pedulo italimba. Mwanena kuti kathanki ka brake fluid kanauma pamene mumasintha paipi ya kumbuyo, ndipo mwapopa mawilo onse anayi katatu koma pedulo ikadali yofewa ngati siponji. Pamenepo n'kutheka kuti mpweya walowa m'bokosi la ABS (chipangizo choletsa mawilo kukwakwaza mukaponda buleki mwamphamvu), lija lili ndi timapaipi tachitsulo tambiri pafupi ndi injini. Amene akukuuzani kuti "ingoyendani, ilimba yokha" musawamvere, akuphetsani.

Choopsa chake n'chakuti m'tauni galimoto imaima bwinobwino, munthu n'kukhulupirira kuti zatheka. M'bokosi muja muli timavalavu ndi pampu yamagetsi. Mukamaponda buleki mwa masiku onse timavalavu tina timakhala totseka, ndiye mpweya umabisala kuseri kwake, ngakhale mutapopa tsiku lonse sutuluka. Umadikira tsiku limene ABS idzagwire ntchito. Mukutsika Khwekhwerere, kumbuyo kuli anthu ndi katundu, mabuleki atentha kale, mwaponda mwamphamvu pakona pomwe pali timiyala. Wilo limodzi likufuna kukwakwaza, ABS yatsegula timavalavu, pedulo yanjenjemera pansi pa phazi, ndipo mpweya uja wakankhidwira m'mapaipi a mawilo. Mwaponda kachiwiri, pedulo yafika pakati. Kachitatu yagunda pansi, galimoto ikungothamangabe. Madzi safinyika koma mpweya umafinyika, ndiye mphamvu yonse ya mwendo wanu ikuthera pa kufinya thovu m'malo mokankha mapadi. Chotsala ndi giya yotsika ndi handibuleki, ndipo kona yotsatira ili pompo.

Chimandipsetsa mtima ndi amakaniko ena amene amalandira ndalama pa ntchito imeneyi. Kamnyamata kakupondaponda pedulo mpaka pansi ngati kakupopa mjigo, wina ali pansi watsegula nipple (kabauti kotulutsira mpweya pa wilo) popanda kapaipi, brake fluid ikuthovokera pa mapadi ndi pa penti. Yakuda imene yatuluka aiwola m'chibotolo chadothi n'kuibwezera m'kathanki. Yachepa, athiramo ATF (oyilo wa giyabokosi) kapena madzi a sopo. Oyilo wamtundu uliwonse amatupitsa marabala onse, kuyambira mu master cylinder (pampu imene pedulo imakankha, pansi pa kathanki) mpaka m'bokosi la ABS, ndipo zikatero muyenera kusintha zonse. Getsi la ABS likayaka pa dashibodi amangolimata kapena kulichotsa, n'kukuuzani kuti "yatheka bwana". Ameneyo akuseweretsa moyo wa anthu.

Tsono kupopa kwa bwino pakhomo n'kotheka, bola kathanki kasaume. Yang'anani pa chivindikiro cha kathanki, palembedwa mtundu wa brake fluid, DOT 3 kapena DOT 4. Gulani lita imodzi, mabotolo awiri a 500ml osatsegulapo. Botolo lotsegula kale limene lakhala m'buti miyezi litayeni, chifukwa brake fluid imayamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 4 yatsopano imawira pa madigiri 230, koma ikayamwa madzi imatsika kufika cha ku 155. DOT 3 imachoka pa 205 kufika 140. N'chifukwa chake imasinthidwa zaka ziwiri zilizonse. DOT 5 musaikhudze n'komwe, ndi ya silicone, sisakanikirana ndi zinazi ndipo imachita thovu pampu ya ABS ikamaigunda. DOT 5.1 ndi ina, iyo imagwirizana ndi DOT 3 ndi DOT 4.

Mufunikanso kapaipi kapulasitiki koonekera mkati kogwira nipple mothina, botolo loyera, sirinji yaikulu, ndi sipanala ya ring, nthawi zambiri 8mm kapena 10mm. Musagwiritse ya pakamwa potsegula kapena pulayala, nipple imadyeka m'makona msanga. Ikakhala ya dzimbiri ithireni mafuta omasulira dzulo lake, chifukwa ikathyokera mkati mugula caliper, chija chimafinya mapadi pa wilo. Galimoto ikhale pa ma stand, osati pa jeke yokha, osatinso pa njerwa. Injini ikhale yozima.

Yambani ndi kuyamwa brake fluid yakale m'kathanki ndi sirinji, koma musiye pang'ono pansi kuti timabowo tisaonekere, kenako dzazani yatsopano mpaka pa MAX. Ikani kathabwa kokhuthala ngati zala ziwiri pansi pa pedulo. Kathabwa kameneka n'kofunika kwambiri pa galimoto yakale: pisitoni ya mu master cylinder imayenda mtunda waufupi zaka zonse, kutsogolo kwake kumakhala dzimbiri ndi zinyalala, ndiye mukaikankhira kumeneko marabala amang'ambika. Ambiri amalowa ndi master yabwino n'kutuluka ndi yakufa chifukwa cha chimenechi.

Lamulo lodziwika ndi loyambira wilo lakutali ndi master cylinder. Pa galimoto zathu za chiwongolero kumanja ndiye lakumbuyo kumanzere, lakumbuyo kumanja, lakutsogolo kumanzere, n'kumaliza lakutsogolo kumanja. Koma buku la galimoto likanena zina tsatirani bukulo, ma Honda ambiri amayambira kutsogolo. Thirani brake fluid pang'ono m'botolo kuti nsonga ya kapaipi imire. Mnzanu aponde pedulo pang'onopang'ono katatu, kachitatuko agwire. Inu mutsegule nipple kotala ya kuzungulira basi, pedulo itsike, mutseke isanafike pa kathabwa, ndiye munene kuti "siyani". Asasiye inu musanatseke, apo ayi mpweya ubwerera. Asapondenso mothamanga, kuthamanga kumaswa thovu lalikulu kukhala tithovu ting'onoting'ono tovuta kutulutsa. Dikirani masekondi angapo, bwerezani. Mukatsegula kanayi kapena kasanu pitani mukaone kathanki, kasatsike kudutsa MIN. Wilo lililonse mulisiye pokhapokha m'kapaipi mukuyenda brake fluid yoyera yopanda thovu ngakhale limodzi. Pomanga nipple musaumirize, mphamvu yake ndi yochepa, cha m'ma 8 mpaka 10 Nm. Yadonthera pa penti, tsukani ndi madzi nthawi yomweyo.

Musanaimbe mlandu ABS onaninso izi. Vitz zambiri kumbuyo zili ndi ma drum, ndipo ma shoe (mapadi a mkati mwa drum) akakhala patali ndi drum pedulo imatsika kwambiri ngakhale mulibe mpweya. Kokani handibuleki n'kuponda: pedulo ikakwera, vuto ndi ma shoe, asendezeni. Ngati munachotsapo ma caliper onse awiri, onani kuti nipple ili m'mwamba. Akasinthanitsidwa wa kumanja ndi wa kumanzere nipple imakhala pansi, ndipo mpweya, poti umakwera, sudzatuluka. Pondaninso mwamphamvu n'kugwira theka la mphindi. Pedulo yofewa imene imalimba mukaipondaponda, vuto ndi mpweya. Yoyamba yolimba kenako n'kumamira yokha pang'onopang'ono, kunja kulibe podontha, ndi master cylinder ikudutsitsa mkati. Kutsika pang'ono mukaliza injini si vuto, ndi booster imeneyo, chipangizo choonjezera mphamvu ya mwendo pa pedulo.

Zonsezi zikakhala bwino koma pedulo ikadali yofewa, kwa inu ntchito ya pakhomo yathera pomwepo. Pamafunika makina a diagnosis amene amalamula pampu ya ABS kuti ilire ndi kutsegula timavalavu kamodzikamodzi, munthu akutsegula ma nipple. Kwa Toyota ndi Techstream, kapena makina aakulu a Launch ndi Autel okhala ndi ABS bleeding. Kamakina kotchipa kongowerenga makodi sikachita zimenezi, choncho mufunseni wa makinayo musanamulipire, ndipo muime pomwepo mumve pampu ikulira. Batire ikhale yodzaza chifukwa pampu imadya magetsi. Ndi bwino iyeyo abwere pakhomo.

Ilipo njira ina imene anthu amachita, ndipo sindiikonda pa galimoto imene kathanki kanauma, komabe ndiinene. Ngati pedulo ili ndi mphamvu ndithu, ingofewa pang'ono, pezani msewu wafumbi wopanda anthu, wosatsetsereka, muyende 30 km/h, muponde mwamphamvu mpaka ABS igwire ntchito pedulo n'kunjenjemera, katatu kapena kanayi. Mpweya uja usunthira m'mapaipi. Mubwerere pang'onopang'ono, mupopenso mawilo onse anayi. Nthawi zina zimatheka, nthawi zina umatsalabe. Koma ngati pedulo ikufika pansi musayese n'komwe.

Kwa ena m'gulu muno amene muli ndi Prius kapena Aqua, zonse ndalembazi si zanu. Mabuleki ake amayendetsedwa ndi kompyuta ndi pampu yosunga mphamvu yaikulu, ndipo pampuyo imatha kulira mutangotsegula chitseko cha dalaivala, galimoto ili yozima. Popanda makina mungowononga chipangizo chodula. A Land Cruiser 100 ndi Prado zokhala ndi booster ya pampu yamagetsi, mphamvu imachotsedwa kaye poponda pedulo koposa ka 40 kiyi ali wozima musanamasule paipi ina iliyonse, ndipo kapopedwe ka kumbuyo n'kosiyananso.

Ulendo wina mukamasintha paipi kapena caliper, pondani pedulo pang'ono n'kuitchinjiriza ndi ndodo pa mpando musanamasule. Pisitoni imatseka timabowo ta mu master, kathanki sikakhuthuka. Chotsani fyuzi ya magetsi a buleki kuti batire isathe. Pobweza pisitoni ya caliper poika mapadi atsopano, tsegulani nipple kuti yakudayo itulukire m'botolo m'malo mobwerera m'timavalavu ta ABS. Tiuzeni kuti kumbuyo kuli ma drum kapena ma disc, ndiponso ngati getsi la ABS likuzima mukaliza injini.