Kompyuta Yakana Kuyaka: Kodi Ndingobwezeretsa Zomwe Ndinasunga?

FUNSO: A Mkonzi, magetsi anathima kompyuta yanga ya Windows 10 ili mkati moika update. Kuchokera pamenepo, ndikaiyatsa imangoonetsa chizindikiro cha Windows, kenako n'kuyambiranso yokha. Ndili ndi system image yomwe ndinasunga pa hard disk yakunja miyezi inayi yapitayo. Kodi ndingoibwezeretsa imeneyo?

YANKHO: Munachita bwino kusunga, koma musafulumire. System image imabwezera disiki yonse mmene inalili tsiku lomwe munaisunga, ndipo pochita zimenezo imafufuta chilichonse chomwe chilipo lero, kotero kuti makalata, zithunzi ndi ntchito zonse za miyezi inayi yapitayi zidzatayika. Muione ngati njira yomaliza. Ntchito yoyamba ndi kupulumutsa mafayilo omwe mulibe kwina.

Pitani pa kompyuta ina, muike pa flash Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yosiyana ndi Windows, kenako muyatsire kompyuta yodwalayo pa flash imeneyo. Musankhe Try Ubuntu, osati Install, chifukwa njira yoyambayo siilemba kalikonse pa disiki yanu. Tsegulani disiki ya Windows, mupeze foda ya Users, ndipo muikopere yonse pa disiki ina yomwe mudzaichotse mukangomaliza. Ngati disiki yanu ndi yokhoma ndi BitLocker, loko wa Windows wotetezera disiki, simudzaona kanthu popanda kiyi ya manambala 48, yomwe kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Pokopera, tcherani khutu. Hard disk ikamalira kuti "ka-ka-ka", kapena kukopera kukamaima pa fayilo imodzimodzi, n'kutheka kuti vuto si la Windows ayi, koma disiki yeniyeniyo ikufa. Izimitseni n'kupita nayo kwa katswiri, pakuti kuiumiriza kumangowonjezera kuwonongeka.

Mafayilo akakhala pabwino, yambani kukonza. Windows ikalephera kuyaka kawiri motsatizana, ulendo wachitatu imatsegula yokha tsamba lokonzera, pomwe mumasankha Troubleshoot, kenako Advanced options. Tsambalo likapanda kubwera, pangani flash ya Windows ya 8 GB kapena kuposa ndi Media Creation Tool ya Microsoft, muyatsire pamenepo, ndipo musankhe Repair your computer. Pa njira zomwe zimaoneka pamenepo, ambiri amayamba ndi Startup Repair, ndipo palibe cholakwika, koma poti vuto lanu linabwera ndi update yodukizidwa, ine ndingadalire kwambiri Uninstall Updates, yomwe imachotsa update yomalizayo osakhudza mafayilo anu. Izi zikakanika, yesani System Restore, yomwe imabwezera mafayilo a Windows, madalaivala (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta) ndi registry (kaundula wa makonzedwe a Windows) mmene zinalili masiku apitawo. Musadabwe ikakuuzani kuti palibe restore point, kutanthauza kuti palibe chomwe inasunga choti ibwerereko, chifukwa pa makompyuta ambiri mbali imeneyi imakhala yozimitsa mwini wake osadziwa.

Kompyuta ikayaka, tsegulani Command Prompt, zenera lolembamo malamulo, ngati administrator, mulembe DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, ndipo ikamaliza mulembe sfc /scannow, kuti mafayilo a Windows omwe anawonongeka alowedwe m'malo ndi abwino.

Zonsezi zikalephera, mwatsala ndi njira ziwiri. Reset this PC, mukasankha Keep my files, imaika Windows yatsopano n'kusiya mafayilo anu, koma imachotsa mapulogalamu onse omwe munaikamo. System Image Recovery, yomwe imabwezeretsa system image yanu ija, imabweretsa mapulogalamuwo pamodzi ndi makonzedwe ake, choncho kwa inu amene muli ndi image komanso mwakopera kale foda ya Users, njira yachiwiriyi ndiyo yosataya nthawi. Ikamaliza, bwezerani mafayilo a miyezi inayi aja kuchokera pa disiki yomwe munachotsa, kenako muikenso ma update. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kotero ngati kompyutayo ikukwanitsa Windows 11, ndi bwino kusamuka ikangokhazikika, mutasunga kaye image yatsopano.