Sign up si sign in, amalume anga ndi mboni

Mlongo wina wa ku Katete wanditumizira imelo, ati pafoni pamabwera mabatani awiri, "sign up" ndi "sign in", adinde liti? Mlongo wanga, mwandiputa.

Amalume anga a ku Chadiza ali ndi ma akaunti a Facebook osawerengeka, mukasaka dzina lawo mumapeza nkhope imodzimodzi, apa avala chipewa, apa ali m'munda wa fodya, apa ali pa njinga. Foni ikatayika kapena kufa amakwera basi kubwera ku Chipata, amapita kwa kamnyamata kena kokonza mafoni mumsika, iko kamangodinda sign up, akaunti yatsopano, ndalama m'thumba. Zithunzi za Kulamba ku Mkaika zinatsala mu akaunti yakale, za Nc'wala ku Mtenguleni zili mu ina, abale a ku Lusaka amatumiza uthenga wa maliro ku akaunti imene mwini wake sanaitsegule chaka chonse.

Poyamba ndinkati mwina anyamatawa nawonso chizungu chimawavuta. Ayi ndithu, amadziwa. Kubweza pasiwedi yoiwalika kumafuna kudikira timanambala tachinsinsi (code) totumizidwa pa nambala yakale ya foni, kutsegula yatsopano n'kwachangu, ndiye amasankha chachangucho chifukwa pamzere pali kasitomala wina. Kumeneko ndi kudyera akuluakulu masuku pamutu basi. Nthawi zina mpaka amawagulitsa SIM ina, munthu atulutsenso NRC, chitupa chake cha boma, alembetse, pamene akanangopita kukabwezeretsa nambala yake yakale ija. Komanso azungu nawo, sign up, sign in, sign out, sign off, kamawu kakang'ono chabe kumapeto tanthauzo lasinthiratu, ndipo kusukulu tinkangoloweza pofuna mayeso.

Manje yankho lanu

Sign up ndi kulembetsa koyamba, mumapereka dzina, nambala kapena imelo, n'kupanga pasiwedi, kamodzi kokha. Sign in, ena amalemba log in, ndi kulowa mu akaunti imene muli nayo kale. Si za intaneti zokha, mukalembetsa kosi ya kompyuta mumati "I signed up for a computer course", osaiwala "for". Mukafuna mnzanu akulembetseni, "sign me up". Ngati munalembetsapo kale, dindani sign in, pasiwedi ikakana pitani pa "forgot password".