"Poizoni walowa m'magazi": yankho kwa mayi wa ku Lunzu

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Lunzu, dzina ndasunga. Mng'ono wawo anabereka mwana kudzera pa opaleshoni, anatuluka m'chipatala ali bwinobwino, koma patapita masiku 5 thupi linayamba kuotcha. Atamuyeza malungo sanapezeke, ndiye anabwerera kunyumba ndi panado. Usiku wa tsiku lotsatira anayamba kubwebweta, osamuzindikiranso mwana wake, ndipo pomwe ankafika naye kuchipatala chachikulu n'kuti mkodzo utasiya kutuluka. Moyo wapulumuka. Koma adokotala atanena kuti vuto ndi sepsis, wina pomasulira anati "poizoni walowa m'magazi", ndipo mawu amenewa asokoneza mudzi. Ena akuloza chala apongozi amene ankamuphikira phala, agogo akuti ndi mdulo, bambo anayendayenda mkazi ali m'chikuta. Mayiwa akufunsa kuti poizoniyo anachokera kuti, ndiponso ngati khanda lingatengere poyamwa.

Achemwali, pepani ndi zimene mwadutsamo. Ndiyambe ndi kuwamasula apongoziwo: palibe anathira kanthu m'phala. Bambo wapakhomopo kaya ali ndi milandu ina, imeneyo n'njawo ndi ankhoswe, koma uwu ayi.

Sepsis si dzina la kachilombo ngati mmene zilili ndi kolera kapena TB. Ndi zimene zimachitika thupi likamalimbana ndi tizilombo mopyola muyezo mpaka kuyamba kudzivulaza lokha. Mukudziwa anyamata akamatentha tchire pofuna mbewa. Cholinga chimakhala mbewazo, koma mphepo ikatembenuka moto umalowa m'munda, kenako pankhokwe. Chitetezo cha m'thupi chimatero. Chimatulutsa zida zake kuti chiphe tizilombo pamalo amodzi, koma nkhondo ija ikafalikira thupi lonse, mitsempha ya magazi imatakasuka n'kumataya madzi, BP imatsika, ndipo m'timitsempha ting'onoting'ono magazi amaundana. Zikatero ubongo, impso, mapapo ndi chiwindi sizilandiranso magazi ndi mpweya wokwanira. Kubwebweta kuja kunali ubongo ukusowa magazi. Kusakodza kuja kunali impso zikugonja.

Nanga tizilomboto tinalowera pati? Mayi amene wangochira kumene amakhala ndi makomo angapo otsegula: bala la opaleshoni, mkati mwa chiberekero momwe mumakhala pachilonda, nthawi zina zotsalira zimene sizinatuluke zonse, komanso chikhodzodzo ngati anamuika paipi ya mkodzo. Tizilombo tambiri totere timakhala pakhungu ndi m'matumbo mwathu momwemu, osavuta, mpaka titapeza polowera. Tina timabwera ndi manja. Izi si zachilendo. Kale mu 1847 ku Vienna, dokotala wotchedwa Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi ochira ankamwalira ndi kutentha thupi chifukwa cha manja osasamba a madokotala, ndipo atalamula kuti azisamba ndi madzi a klorini imfa zinatsika kwambiri. Anzake sanamumvere msanga.

Pomwe pandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi apa: "malungo sanapezeke, ndiye tinabwerera." Ife tinazolowera kuti thupi likatentha ndi malungo basi, moti kachipangizo kaja kakaonetsa mzere umodzi timapuma, ena mpaka kudandaula kuti apita pachabe. Komatu zotsatira zimenezo zimangotanthauza kuti wotenthetsa thupiyo sanadziwikebe. Kwa mayi wa m'chikuta, kutentha thupi kopanda malungo kungathe kukhala koopsa kuposa malungo enieniwo, chifukwa malungo ali ndi LA wake wodziwika. Pamenepo pamafunika wachipatala atsegule bala aone ngati latupa kapena likutuluka mafinya, asindikize pamimba, afunse ngati zotuluka kumaliseche zikununkha, ayeze BP ndi kapumidwe. Ngati sanachite zimenezi, gadiyani ali ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti achite. Panado amangoziziritsa thupi, tizilombo tili phee kuswana.

Ine ndinakhalapo gadiyani wa malume anga, amene bala la khasu pachala chaphazi linawagoneka m'chipatala milungu itatu chifukwa cha shuga. Chimene chinandipusitsa n'chakuti tsiku limene anadwalika zedi thupi silinatenthe n'komwe. Anali ozizira, thukuta lili noninoni, akupuma mothamanga ngati akwera phiri pomwe angogona pamphasa, ndipo ankanditchula dzina la mchimwene wawo amene anamwalira kalekale. Ndinkati mwina ndi tulo. Namwino atawayeza BP sananene zambiri, anangothamangira dripi. Choncho musadikire kutentha thupi kokha. Munthu amene ali ndi bala, chifuwa, vuto la mkodzo kapena wangochira kumene, akayamba kusokonezeka mutu, kupuma mobanika, kunjenjemera kwambiri, kuzizira manja ndi mapazi, kapena kutha tsiku lonse osakodza, musati tione kukacha. Pezani galimoto kapena njinga usiku womwewo. Mankhwala amphamvu opha tizilombo obaya mumtsempha, dripi ndi mpweya zimathandiza kwambiri zikayamba m'maola oyambirira, ndipo ngati muli mafinya kapena zotsalira, ayenera kuzichotsa, apo ayi mankhwala okha sakwanira.

Si amayi okha. Chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, taifodi, kuphulika kwa thumbo, zilonda zamoto, matenda oumitsa khosi, malungo aakulu, komanso TB yofalikira m'magazi mwa anthu amene ali ndi HIV, zonsezi zimatha kufika pa sepsis. Chiwerengero chimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza chimati mu 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala sepsis padziko lonse ndipo 11 miliyoni anamwalira, kutanthauza imfa imodzi mwa imfa 5 zilizonse. Pafupifupi theka la odwalawo anali ana osafika zaka 5.

Kwathu kuno palinso vuto lina limene tikulilera tokha. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika magazi a odwala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016, ndipo anapeza kuti pofika kumapetoko, mwa tizilombo 10 ta mtundu wa Klebsiella, 9 tinali titasiya kumva mankhwala a gulu la ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira kwambiri. Makapisozi ogula pamsika aja, omwa awiri lero n'kusiya mawa thupi likapepuka, amathandizira kuti tizilombo tizolowere mankhwala. Ndikudziwa kuti anthu amagula chifukwa chipatala chili kutali ndipo mwina mankhwala kulibe, sindikuweruza, koma mtengo wake timakaulipira kuwodi.

Za mng'ono wanuyo tsopano. Impso zovulala ndi sepsis nthawi zambiri zimadzukanso, zina pakatha masiku, zina milungu, ndipo ena amafunika makina otsuka magazi kwa kanthawi. Koma ziyenera kuyezedwanso ngakhale iye akudzimva bwino, ndipo asamwe mankhwala a ululu monga brufen ndi diclofenac, kapena azitsamba, adokotala asanavomereze, chifukwa amalemetsa impso. Ena sepsis ikafika poipa zala zimada mpaka kudulidwa. Ngati iye watuluka ndi zala zake zonse, thokozani. Musadabwenso akamatopa ndi kusesa chabe, kuiwalaiwala, kulota zoopsa, kapena kulira popanda chifukwa kwa miyezi ingapo. Zimachitika kwa ambiri amene adutsa m'matendawa. Si ulesi, ndipo si kuti wina akumulodzabe.

Khanda liyamwe. Sepsis sidutsa mumkaka, ndipo mankhwala ambiri amene amapereka amalola kuyamwitsa, kungoti auzeni achipatala kuti mayiyo akuyamwitsa kuti asankhe oyenera. Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi mwanayo payekha, poti makanda a m'mwezi woyamba sachedwa kugwidwa. Akakana bere, akafooka osatakataka, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga nthiti zikulowa mkati, akakomoka, kapena pamchombo pakafiira ndi kutuluka mafinya, nyamukani nthawi yomweyo. Pamchombo pasapakidwe phulusa, mwaye kapena madzi a masamba, ngakhale atabweretsa ndi agogo.

Popita kukaonetsanso mng'ono wanuyo, tengani buku lake lakuchipatala, mufunse kuti matendawa anayambira pati ndiponso ngati impso zabwerera m'chimake. Ngati n'kotheka, apongozi aja ndi agogo mupite nawo akadzimvere okha kuchokera pakamwa pa adokotala.